Kuumitsa Dothi la M'dambo: Kuŵerengera Zosaoneka (Gawo Lachiŵiri)

M'gawo lapitalo tidaona m'mene mvula yogwa m'mapiri a Dedza imakhutitsira madambo onga a ku Bembeke ndi ku Linthipe. Lero tifunse funso ili: kodi mmisiri wofuna kudutsitsa mseu pa dothi lofeŵa chotere angadziŵe bwanji kuchuluka kwa ngalande zofunika?

Makande a m'dambo ali ngati chinkhupule chonyowa. Akasenzetsedwa katundu, madzi ake amafinyika pang'ono pang'ono, ndipo nthaka imanka nititimira kwa zaka zambiri. Karl Terzaghi ndiye adalongosola zimenezi mu 1925. Pofuna kuti nthaka ititimiriretu mseu usanatsirizidwe, amisiri amaboola maenje akuya naŵadzaza ndi mchenga, kuti madzi apeze njira yachidule yotulukira. Mtunda woyenda madzi ukachepa ndi theka, nthaŵi yodikira imachepa pafupifupi kanayi.

Koma masamu ameneŵa amadalira dothi lotapidwa m'malo oŵerengeka chabe, pomwe dambo silifanana ponse: apa makande, apo mchenga, uko kasupe wobisika. Ngakhale akatswiri a ku Japan adakumana nazo pa bwalo la ndege la Kansai, lomangidwa pa chilumba chochita kuunjika m'nyanja, lomwe lidatsegulidwa mu 1994. Dothi lapamwamba, m'mene adaikamo ngalande za mchenga pafupifupi miliyoni imodzi, lidakhazikika msanga. Koma lakuya, kumene ngalandezo sizidafike, lidatitimira koposa m'mene adaŵerengera. Mvula nayo siilonjeza: namondwe Freddy wa mu 2023 adagumula milatho ndi miseu yambiri m'Chigawo cha Kumwera.

Nanga tichite chiyani? Mu 1969 Ralph Peck adalangiza kuti mmisiri amange molingana ndi zomwe akuyembekeza, koma akonzeretu chochita zinthu zikavuta, ndipo aziyeza kutitimira kwa nthaka ntchito ili mkati. Njirayi imaoneka yochedwa, koma ndi yotchipa poyerekeza ndi kumanga mseu kaŵiri ndi ndalama za msonkho.

Tionjezepo chimodzi. Alimi a mbatatesi m'madimba amadziŵa pamene madzi amaima chaka ndi chaka, ndipo ngalande yakuya mopyola muyeso ingaumitse madimba awowo. Mmisiri wanzeru ayambe waŵafunsa. Inu aphunzitsi, phunzitsani ana kuti yankho la samu lili ndi malire ake, pakuti madzi saiŵala khwaŵa.