Mwana wobadwa masiku osakwana ali ndi kalendala yake

Pamsika wa Nsanama kapena pakhonde la mzikiti timamva funso lolasa mtima: "Anzake ayamba kukhala, uyu bwanji?" Mayi wa mwana wobadwa masiku osakwana amangowerama, chonsecho cholakwika ndi kawerengedwe kathu.

Mimba imakhwima pa masabata 40, ndipo mwana wobadwa masabata 37 asanakwane ndiye wosakwana masiku. Lipoti la WHO la 2012 linati ana otere m'Malawi ndi 18 mwa 100 alionse. Mwana amene anafulumira ndi miyezi iwiri, akatha miyezi 6 padziko, thupi ndi ubongo wake zimakhala za mwana wa miyezi 4. Choncho kumwetulira, kulimba khosi, kukhala ndi kukwawa tiziwerenga kuchokera tsiku limene ankayembekezeka, mpaka atayandikira zaka ziwiri.

Qur'an yolemekezeka inatiunikira kale. Surah Al-Ahqaf ikuwerengera mimba pamodzi ndi kuyamwitsa miyezi 30, pamene Surah Al-Baqarah ikupereka zaka ziwiri kwa kuyamwitsa kokha. Pamenepa ma Ulama, kuyambira nthawi ya Maswahaba, anapeza kuti mwana angathe kubadwa pa miyezi 6. Apongozi amene amawerenga miyezi pofuna kunamizira mkazi chigololo aope Allah.

Khanda lotere limafuna kutentha, bere ndi mawu a makolo ake. Njira ya kangaru, yomugoneka pachifuwa khungu kukhudzana ndi khungu, inayambira ku Bogotá mu 1978 ndipo inafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Abambo, chifuwa chanu nachonso ndi chofunda. Mukabwera ku swala ya Isha mulandireni mwana, mumuwerengere Qur'an motsitsa mawu, mayi apumule. Miyezi 6 yoyamba azidya mkaka wa m'mawere wokha. Ngati sakutha kuyamwa, mayi aufinyire m'kapu yoyera monga anamwino aphunzitsira.

Aqiqa isakhale chifukwa chomudutsitsa m'manja mwa mudzi wonse. Ma Ulama ambiri amalola kuichita pa tsiku la 14 kapena la 21. Koma akazizira thupi, akaleka kuyamwa, akabanika kapena akachita chikasu, thamangirani kuchipatala cha Nsanama kapena chachikulu cha ku Liwonde nthawi yomweyo. Ku sikelo musamadumphe mwezi, ndipo katemera alandire motsata tsiku lenileni lobadwa.

Mwana ndi amana imene Allah watisungitsa. Dua tipemphe, ndipo udindo wathu tiukwaniritse.