Screw iliyonse ili na nyumba yake

Mu Maramba, Libuyu na Dambwa muli nyumba zina zamene zikali kusunga chifefe cha agogo pamwamba pa wardrobe. Mudala akamwalira, mfuti isala pamodzi na katundu wina. Tsiku lina mnyamata wa pa nyumba aiona dzimbiri, atenga screwdriver, amasula vonse, aponya ma screw mu mbale imodzi. Kumasula ni kwa mphindi 10 chabe. Pobweza ndiye pamene mutu uyamba kuwawa, chifukwa ma screw yamene yanali kuoneka olingana manje yakana kulowa.

Tisanafike ku ma screw, nkhani ya lamulo. Firearms Act, Chapter 110 ya malamulo ya Zambia, ifuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale na laisensi. Laisensi ya agogo ni ya agogo, sigwera mdzukulu monga njinga. Ngati mwine wake anamwalira, pitani ku polisi mukafotokoze, akuuzeni zochita. Zamene tilemba pano ni za munthu wamene mapepala yake yali bwino.

Nanga chivuta ni chani na ma screw aya? Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia kuchoka mu 1911 kufika mu 1935, ndipo visulo vambiri vamene vinabwera nthawi ya atsamunda vinali va ku Britain. Greener, ija ya mpope umodzi na lever pansi, ni ya ku Birmingham. Nthawi ija a British sanali kupima na mamilimita. Thread ya Whitworth, yamene Joseph Whitworth anakonza mu 1841, ili na mano ya madigiri 55, pamene metric yamene mugula ku hardware lero ili na madigiri 60. Opanga mfuti ena anali kudula ma thread yawo-yawo. Pa maso kusiyana sikuoneka, koma mukakakamiza, screw yatsopano idya thread ya mu chiboo, basi yapita. Baikal ya ku Izhevsk, Russia, ni ya metric, koma nayo screw iliyonse ili na utali wake.

Nzeru ya amakanika akale ni ya katoni. Musanagwire chilichonse, tsegulani mfuti, muone na maso kuti mulibe chipolopolo, ngakhale onse pa nyumba alumbire kuti yakhala zaka 20 osalira. Mukatero jambulani chithunzi cha mfuti pa katoni, mbali ya kumanja na ya kumanzere. Screw ikachoka, ilaseni pa katoni pa malo pamene yachokera. Tengani foto na foni pa sitepe iliyonse. Iyi ntchito siifuna mphasa kapena panja pa mchenga, ifuna tebulo na nsalu yoyera.

Ngati munasakaniza kale, khalani pansi muyasankhe. Screw yosongoka, ya mano otalikirana, ni ya mu pulanga. Yamene kutsogolo kwake ni kophwatalala, mano yang'ono-yang'ono, ni ya mu chisulo. Yakufanana yaikeni pafupi muone utali, chifukwa ziwiri zingasiyane na milimita imodzi chabe. Pa mfuti zabwino za mipope iwiri, screw iliyonse anali kuikwanitsa na manja pa chiboo chake, kuti ikamangika mzere wa pa mutu uyang'ane kwamene mpope uyang'ana, ndipo maluwa ojambula pa mutu yakumane na ya pa chisulo. Mzere ukaima mopingasa, ninshi screw yalowa nyumba ya eni.

Polowetsa yambani na vala. Zungulutsani kubwerera kumbuyo pang'ono mpaka mumve yakhala, ndiye muyambe kumanga. Ikalimba isanafike pakati, imani, si yake. Lowetsani zonse zikali zomasuka, kumangitsa kubwere pothera. Screwdriver nayo ikwane mzere ndendende, m'lifupi na m'kunenepa. Zija za pa msika zosongoka monga nkhwangwa ziterereka, zing'amba mutu na kukala chisulo.

Apa ndiye pali moyo wa munthu. Screw itali mu chiboo chifupi ingafike mukati ikagunde tuvisulo twa trigger. Yomanga mopitirira ifinya pulanga, safety iyamba kugwira mwa theka. Mfuti yotero ingalire poitseka chabe, popanda chala cha munthu, ndipo m'komboni khoma la neba lili pafupi. Ndiye chifukwa va mukati, va trigger na ma spring, ni va katswiri wa mfuti wamene ali na chilolezo, osati boi wa welding pa kona. Screw ikasowa, iye angadule ina yolingana. Musaikepo msomali, waya kapena super glue. Musaiyese na chipolopolo iye asanaione, kaili mfuti zambiri zakale za ku Britain zinapangidwira vipolopolo va mamilimita 65, pamene vambiri va masiku ano ni va 70.

Imwe amene mulibe chifefe, musati nkhaniyi si yanu. Mashini ya Singer ya amayi ili na ma thread yake yamene ku hardware simuyapeza. Okonza mafoni mu town adziwa kuti pa iPhone screw itali pa malo ya ifupi ilasa board, foni ya kasitomala yafa, mulipira ndimwe. Katoni ni ya mahala kuseri kwa shopu iliyonse. Itengeni musanamasule screw yoyamba.