Tisanatumize ndalama ya pulogalamu yopangira nyimbo



Ambirife timalandira uthenga kuchokera kwa azing'ono athu: "Achimwene, nditumizireni ndalama ndigule pulogalamu ya studio." Ndalamayo timaipeza titaima pageti maola 12 usiku wozizira, ndiye tiyeni tikambirane tisanatumize.

Maganizo anga ndi akuti tizigula pulogalamu yolipira kamodzi, osati yolipira mwezi ndi mwezi. Ntchito zathu za ulonda zimatha nthawi iliyonse. Ukasiya kulipira, pulogalamu ya pamwezi imatseka zambiri, mwana n'kutsala ndi nyimbo zosamaliza.

Yolipira kamodzi yotchipa ndi Reaper. Ndi madola 60, pafupifupi ma rand 1,000, kwa munthu wosapeza madola oposa 20,000 pachaka ndi nyimbo zake. Amakulola kuiyesa masiku 60 usanalipire, ndipo imayenda bwino ngakhale pa laputopu yakale.

FL Studio, ija kale tinkaitcha FruityLoops, ndi yodula kuposa pamenepo, koma ukagula kamodzi, zatsopano zonse amakupatsa ulere moyo wako wonse. Chenjerani ndi mtundu wake wotchipitsitsa: ndi wabwino popanga ma beat, koma pojambula mawu a woimba uli ndi malire. Ndipo dziwani kuti log drum ija imagwedeza amapiano m'ma taxi muno inachokera m'kachida ka Fruity DX10 kamene kali kale mu FL Studio. Anyamatawo sanachite kugula zida zodula.

Logic Pro ndi yabwino, pafupifupi madola 200, koma ya pakompyuta imafuna Mac. Mtengo weniweni ndi wa Mac-yo.

Zobedwa zija amaika anyamata a pamsika musalole. Zambiri zimabwera ndi ma virus, laputopu munavutika kutumiza pa basi n'kuwonongeka.

Ndiye chitani chonchi. Mng'ono wanu ayambe ndi zaulere, BandLab pa foni kapena Audacity pa kompyuta. Amalize nyimbo 3, akutumizireni pa WhatsApp. Akamaliza, mugulireni pulogalamu. Ndalama yotsala ipite ku maikolofoni ndi mahedifoni abwino, chifukwa mawu ojambulidwa moipa palibe pulogalamu ingawakonze. Akalephera kumaliza, ndalamayo igule feteleza.

Perekani moni kwa onse kunyumba. Mulungu akusungeni.

Ine wanu,
Mlonda wa ku Joni