Mayeso a ntchito za ku banki: mwana wa pa esiteti akugwa asanalembe

Banki kapena kampani ya inshuwalansi ikangolengeza kuti ikufuna achinyamata oti iwalembe ntchito, mauthenga amayenda ngati moto wa m'tchire. Aliyense amene ali ndi satifiketi ya MSCE, dipuloma kapena digiri amathamanga kukajambulitsa mapepala ake. Malo ndi ochepa, ofuna ndi khwimbi. Ndiye pofuna kusefa, makampani ambiri masiku ano amayamba ndi mayeso: masamu, Chingerezi ndi mafunso oyesa kuganiza msanga, zonsezo pa nthawi yowerengeka.

Ine mayeso amenewa ndimagwirizana nawo. Ndi abwino kuposa zija zoti "ndiwe mwana wa ndani" kapena "wakutuma ndani". Pepala silidziwa mtundu wa munthu, silidziwa chipani chake. Koma funso langa lero ndi lakuti: kodi mwana wa mayi wothyola tiyi ku Makwasa kapena ku Thekerani amafika bwanji pa desiki yolembera mayesowo? Chifukwa kunena zoona, ambiri a iwo akugwa asanagwire ndi cholembera chomwe.

Tiyeni tiyambe ndi Thyolo weniweniyo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma limeneli, pamene malo ambiri achonde ali m'manja mwa maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi a Eastern Produce. Satemwa yokha idayamba kale mu 1923. Munda wogawira ana palibe, ndipo makolo ambiri cholowa chimene angasiyire mwana ndi sukulu basi. Nchifukwa chake nkhani ya ntchito ya mu ofesi kumeneko si yamasewera. Mwana mmodzi akalowa ku banki, fizi ya azing'ono ake, malata a nyumba ya amayi ndi feteleza wa agogo zonse zapezeka.

Tiyi wa ku Thyolo amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe, ndalama zake zakunja zimadutsa m'mabanki, mafakitale ake ndi magalimoto ake ali pa inshuwalansi. Ndiye kuti thukuta la wothyola tiyi limafika ndithu m'maofesi amenewa. Mwana wake yekha ndiye amavutika kufikamo. Chikumutchinga nchiyani?

Choyamba ndi sukulu imene wadutsamo. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidayambitsa pulayimale yaulere, ana nkukhamukira m'makalasi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Mu 1998 masukulu aja tinkati a MCDE adasanduka ma CDSS. Zinali zabwino, khomo lidatseguka. Koma tonse tikudziwa kuti ma CDSS ambiri a kumudzi ali ndi mabuku ochepa, aphunzitsi a masamu ndi osowa, kompyuta ndiye musanene. Mwana amakhoza MSCE poloweza manotsi. Tsono mayeso a ku banki safuna zoloweza. Amakupatsa ndime ya Chingerezi imene sudaionepo, kapena tebulo la manambala, nkukuuza kuti uyankhe wotchi ikuyenda. Mwana wa ku Namiwawa amene wakula akuwerenga nyuzi pakhomo ndi kuseweretsa kompyuta ya bambo ake wayamba kale mpikisano ali patsogolo.

Chachiwiri ndi ndalama. Zolengeza za ntchito zambiri tsopano zimatuluka pa intaneti, ndipo kalata yofunsira ntchito imatumizidwanso pomwepo. Pamafunika foni yamakono, bandulo ndi netiweki yosadukaduka. Ukaitanidwa, mayeso nthawi zambiri amakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kuchoka pa boma pa Thyolo kufika ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 40, koma amene akuchokera m'kati mwa esiteti ayambe walipira njinga yamoto, kenaka minibasi, kenaka apeze pogona ndi chakudya. Akakhoza, abwerenso kudzafunsidwa mafunso apakamwa. Kwa kholo lolandira malipiro a pa esiteti, maulendo awiri amenewa ndi ngongole ya katapila. Ndipo kumbukirani kuti nkhani ya kuchepa kwa malipiro a m'minda ya tiyi si yongopeka: ndi imene idachititsa kuti mu 2015 makampani, ogula tiyi akunja ndi mabungwe akhazikitse ndondomeko ija ya Malawi Tea 2020.

Chachitatu ndi mbava. Pamene pali njala ya ntchito, akathyali sasowa. Uthenga umabwera pa foni: "Mwasankhidwa, tumizani ndalama ya fomu pa nambala iyi." Mwana wa kumudzi amene sadziwa mmene makampani amalembera anthu amagulitsa mbuzi, natumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala ija nkuzima. Ndinene mosapsatira mawu: kampani yoona siigulitsa ntchito. Wokuuzani kuti ali ndi pepala la mayeso kapena ali ndi "munthu wake m'kati" akufuna kukuberani. Tidaona tonse mu 2020 mmene kubedwa kwa mayeso a MSCE kudapwetekera ana osalakwa, mayeso atathetsedwa nkulembedwanso mu Januwale 2021. Njira yachidule imapweteka ndi amene sadayendemo omwe.

Komatu sindikulemba izi kuti mwana wa ku Thyolo akhale pansi nkumalira. Ali ndi chuma chimene mnzake wa m'tauni alibe, kungoti palibe amene adamuuza kuti ndi chuma. Wakula akuona sikelo. Amadziwa kuti amayi ake akathyola makilogalamu akutiakuti kupitirira muyezo wa tsiku, kalaliki ayenera kulemba zingati. Amadziwa kuti pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Wakhalapo pa banki m'khonde, akuona mmene chiwongoladzanja chimawerengedwera ndi mmene amagawanirana pakutha pa chaka. Abale, masamu a ku banki ndi omwewa, angovala taye.

Taonani chitsanzo. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi nkuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kusiyana kwake ndi K520. Gawani 520 ndi 1,180, mupeza 44 pa 100 iliyonse, nambala yomwe ija tidaimva pa wailesi. Limenelo ndi funso la mayeso lathunthu. China: mwakongola K50,000 kwa wakatapila amene akufuna K20 pa K100 iliyonse pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chikuberekanso. Pakutha pa miyezi itatu mubweza zingati? Mwezi woyamba K60,000, wachiwiri K72,000, wachitatu K86,400. Wogulitsa nthochi pa Bvumbwe amatha kuwerengera zimenezi pamtima. Chimene wophunzira akusowa ndi liwiro, komanso kuzolowera kuona funso lomwelo litalembedwa m'Chingerezi.

Ndiye kukonzekera kwake nkotani? Mutu umodzi susenza denga. Pezanani anayi kapena asanu, ku tchalitchi, ku mzikiti kapena m'kalasi ana akaweruka. Mmodzi agwire wotchi, enawo ayankhe mafunso makumi awiri pa mphindi makumi awiri. Funso likakuvutani lidumpheni, mudzalibwerera nthawi ikatsala, chifukwa ambiri amagwa pokakamira funso limodzi. Tsiku lililonse werengani nkhani imodzi ya zachuma m'nyuzi ya Chingerezi, ngakhale nyuziyo ikhale yokulungira zitumbuwa, kenaka mufotokozere mnzanu zimene mwamva. Dziwani ntchito ya Reserve Bank, kusiyana kwa akaunti yosungira ndalama ndi ngongole, ndi chifukwa chake galimoto iliyonse ya pamsewu imayenera kukhala ndi inshuwalansi. Dziwaninso kuti kuyambira 2011 lamulo lidakakamiza olemba anthu ntchito kuika antchito awo pa penshoni, ndipo makampani ngati NICO ndi Old Mutual ali m'gulu la amene amasamala ndalamazo. Ndipo musanapite kokalemba, gwiraniko kompyuta, ngakhale kwa ola limodzi lolipira. Zala zikamanjenjemera pa makina, mutu nawo umabalalika.

Kwa inu amalonda a mu Limbe, ku Ndirande ndi ku Bangwe, ambiri mwa inu kwanu nkomweko ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mwana wa mlongo wanu akaitanidwa ku mayeso, mphasa ya usiku umodzi ndi ya minibasi ndi thandizo lalikulu kuposa chitenje cha pa Khirisimasi. Mukaona ntchito yalengezedwa, tumizani uthenga kumudzi tsiku lomwelo, osati tsiku lotsekera litadutsa. Paja akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Mawu anga otsiriza apite kwa eni mabanki ndi makampani a inshuwalansi. Zaka zapitazi phindu lanu lakhala likukwera. National Bank yokha idapeza phindu loposa K100 biliyoni mu 2024. Kodi kukalembetsa mayeso ku maboma kungakugwetseni? Ku Thyolo komweko, pa Ndata, pali yunivesite ya MUST imene idatsegulidwa mu 2014, yokhala ndi zipinda ndi makompyuta. Pa boma ndi pa Luchenza pali maholo a sukulu. Lengezaninso ntchito pa wailesi ndi pa zikwangwani za nthambi zanu, ndipo sindikizani zitsanzo za mafunso kuti aliyense adziwe chimene akukakumana nacho. Mukatero simukuchita chifundo ayi, mukudzithandiza nokha. Mumadandaula kuti anthu a kumudzi sasunga ndalama ku banki ndiponso sagula inshuwalansi. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndi mabanja angati a kumudzi amene anali ndi pepala lokatengera chipukutamisozi? Amene angamufotokozere mlimi wa tiyi wa munda waung'ono ubwino wa inshuwalansi, m'Chichewa kapena m'Chilomwe chomveka, ndi mwana wobadwira konko, amene mlimiyo amadziwa amayi ake.

Nawo eni maesiteti ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'bomali asangoti phee. Chipinda chimodzi chokhala ndi magetsi, nyuzi za tsiku ndi makompyuta asanu pa esiteti iliyonse si chinthu chodula poyerekeza ndi thirakitala imodzi.

Mayeso akhalepo, ndipo akhale ovuta ndithu, pakuti ndalama za anthu sizisungidwa ndi munthu wosadziwa kuwerengera. Chimene ndikupempha nchakuti mwana wa wothyola tiyi afike nawo pa desikipo. Akalephera, alephere chifukwa cha masamu, osati chifukwa chosowa ya minibasi.