Tidasonkhera Agide ulendo. Nanga chimbale tingasonkhere?

Boma la Chiradzulu lidapatsa dziko lino woimba amene sadasowepo chigulu cha zida kuti amveke: a Giddes Chalamanda, omwe ambiri timangoti Agide. Gitala limodzi ndi mawu awo zidakwanira. Mbiri yawo ndiyo poyambira pabwino pofunsa ngati woimba woima payekha, tinene mnyamata wa kwa Kadewere m'boma lomweli amene amapeka nyimbo nadziimbira pagitala losalumikiza kumagetsi, angatulutse chimbale ndi ndalama zosonkha omutsatira.

Kusonkha Amalawi timakudziwa. M'chaka cha 2016 anthu akufuna kwabwino adathandiza kuti Agide akafike ku America, dziko limene adalilakalaka m'nyimbo yawo ya Buffalo Soldier, ndipo adakaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington pamodzi ndi Edgar ndi Davis. Lidali thandizo lolemekezeka. Koma tikayang'anitsitsa, chikwama chathu chimatseguka msanga woimba akadwala, akakalamba kapena akatisiya. Timapereka chifukwa cha chifundo. Kulipiriratu ntchito imene sinajambulidwe n'komwe, chifukwa choti tikufuna kudzaimva, ndi chizolowezi china chimene sichinazike mizu kuno.

Kunja zidayamba kale. Gulu la ku Britain la Marillion lidapempha olitsatira kuti agule chimbale chisanapangidwe, ndipo ndalamazo n'zimene zidatulutsa Anoraknophobia mu 2001. Osonkhawo sadali kuthandiza mmphawi; adali ogula amene adafika msanga pamsika.

Kwa woimba wa kumudzi, chimbale chojambulidwa pamaso pa anthu ndi gitala lokha ndicho chotsika mtengo kuposa zonse. Sipafunika masiku ambiri a situdiyo kapena kulemba ganyu oimba ng'oma ndi kiyibodi. Pafunika holo ya sukulu kapena tchalitchi, mamaikolofoni abwino, katswiri mmodzi wodziwa kutchera mawu, ndi anthu omvera. Ngakhale kuzima kwa magetsi sikungaimitse ntchito yotere ngati pali batire. Ndipo nyimbo zamtunduwu zimakoma ndi m'manja ndi nthungululu za omvera, zinthu zimene kompyuta siingapeke.

Phindu lalikulu, komabe, lili pa umwini. Kale woimba ankadalira ogulitsa matepi monga O.G. Issa ku Limbe. Msika umenewo udaphedwa ndi okopera nyimbo mwachinyengo, ndipo palibe chidalowa m'malo mwake mokwanira. Kutchuka kokha sikudyetsa. Agide atajambula nyimbo zawo ndi Patience Namadingo mu 2020, Linny Hoo idafalikira pa TikTok, moti mu January 2022 bungwe lofalitsa nkhani la AFP lidalemba kuti idaonedwa koposa ka 80 miliyoni, iwo ali ndi zaka 92. Aliyense angadzifunse kuti mwa anthu onsewo ndi angati adatulutsa ngakhale K100. Woimba amene wajambula ndi ndalama za omutsatira sakhala ndi ngongole kwa mwini situdiyo kapena kampani. Chojambulidwacho ndi chake, ndipo akhoza kukachilembetsa ku Cosoma, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, m'dzina lake.

Zopinga zilipo. Masamba otchuka osonkhetsera ndalama pa intaneti monga Kickstarter salola munthu wokhala ku Malawi kutsegula pempho, choncho amafunika mbale wa kunja. Ichi si chovuta chachikulu, poti Airtel Money ndi Mpamba zidafika mpaka kumidzi, ndipo anthu 500 atapereka K5,000 aliyense pamapezeka K2.5 miliyoni.

Chovuta chenicheni ndi chikhulupiriro. Tonse tidaonapo zosonkhasonkha zimene mapeto ake sadamveke, ndipo amene adapsa kamodzi amaopa ngakhale phulusa. Woimba wopempha ayenera kunena poyera mtengo wa holo, wa wojambula ndi wa mayendedwe, tsiku lojambula ndi tsiku lotulutsa. Ayeneranso kunena chimene wosonkha adzalandire: mpando patsikulo, nyimbo pafoni ena asanazimve, dzina lake pachikuto. Anthu a m'tauni, amene ndiwo ali ndi kangachepe, ambiri kwawo n'kumidzi ngati kwa Kadewere komweko, ndipo kuchoka ku Limbe kukafika ku Chiradzulu ndi ulendo wopita n'kubwerako tsiku lomwelo.