FODYA TILIME TONSE, NDALAMA ADYE MMODZI?

Amayi anzathu, tiyeni tikambe za ndalama za fodya.

Ku nazale timathirira limodzi. Kuwokera, kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa mpakana kusankha ndi kudinda mabelo, mayi amakhala pomwepo, mwana ali kumsana. Koma msika ukangotsegulidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu, fodya uja amasanduka wa bambo okha. Nthawi zambiri dzina lolembetsa ndi lawo, akaunti ya kubanki ndi yawonso, ndiye mayi sadziwa n'komwe kuti mabelo ayenda bwanji ku okushoni.

Zotsatira zake tikuzidziwa. Munthu sabata ziwiri ali pa tawuni, akugona ku resitihausi, akugulira mowa bala yonse kuti amutche bwana. Chibwenzi chalandira foni yatsopano, mkazi wake ali ndi chitenje cha chaka chatha. Akabwera kunyumba wanyamula kabuledi ndi shuga paketi imodzi, eti "mitengo inali yoipa chaka chino." Fizi ya ana sinalipidwe, aganyu akudikira pakhomo, feteleza wa dzinja likudzali palibe. Ikafika Januwale nkhokwe ili mbee, wopita kukagwira ganyu m'minda ya eni ndi mayi yemwe uja.

Ena akuti ndi mutu wa banja, musiyeni apumeko. Apume ndi thukuta la ndani? Wogwira khasu anali yekha?

Lamulo loteteza nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza za pa chuma ngati nkhanza. Kumumana mkazi ndalama zomwe wakhetsera thukuta, n'kumusiya azipempha ya mchere, zili m'gulu lomwelo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limatinso banja likatha, mayi apeze gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri.

Ndiye chaka chino tisadikire kuti zithe kaye. Bajeti ikhale pa mphasa fodya asanakwere lole. Pepala la malonda tilione ndi maso athu. Akauntiyo ikhale ya anthu awiri. Zikakanika, ankhoswe alipo, mfumu ilipo, a Victim Support Unit ku polisi aliponso.

Abambo amene mumakhala pansi ndi akazi anu kuwerenga ndalama, tikukuonani, ndipo malata ali padenga akuchitira umboni. Alangizeni anzanuwo.

Amayi a ku Kasungu, Dowa, Mchinji, Rumphi, kwanuko zikuyenda bwanji? Tiuzeni m'munsimu.