Mukatsikira ku Tete, samalani mimba ndi miyendo

Abale athu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amatsikira ku Tete kawirikawiri: kuchipatala, kukafuna mapepala a boma, kapena kukagulitsa mbatatesi ndi nyemba. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti mlimi amene watsitsa matumba a chakudya chabwino amatha masiku atatu akudya mabisiketi ndi kumwa refresco. Ndalama ya mbatatesi imathera m'mabotolo, ndipo iye amabwerera kumudzi ali wofooka.

Chakudya chenicheni chilipo mumzindamo. Pamsika wa Kwachena mupeza nsomba ya pende, kapenta wa ku Cahora Bassa, ndiponso malambe ndi masau panyengo yake. Nsima idyeni ikadali yotentha. Ndiwo zimene zakhala padzuwa kuyambira m'mawa zisiyeni, ngakhale mtengo wake utsike bwanji.

Pa madzi tikunenetsa. Kolera ya mu 2023 inafikanso m'chigawo chathu chino. Imwani madzi owiritsa kapena othira Certeza, ndipo muzimwa musanamve ludzu, pakuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40. Thupi lozolowera mphepo ya ku Ulónguè silichedwa kugonja.

Kuyenda pansi musakuchitire manyazi ati poti muli m'tauni. Lawirirani m'mamawa, muwoloke mlatho wa Samora Machel, wa mamita opitirira 700, muone Zambezi ndi maso anu. Dzuwa likafika pamutu khalani pamthunzi, ndipo ngati ulendo sungadikire, apo ndiye kwerani chapa.